Power supply ya kompyuta ikasenzetsedwa katundu wonse: zizindikiro za vuto ndi mmene mungalithetsere

Chaka chilichonse, kuyambira mu Okutobala pamene kutentha kwafika pachimake kuno ku Zomba mpaka mvula itakhazikika, pa benchi yanga yokonzera makompyuta pamafika vuto limodzimodzi. Munthu amabwera ndi bokosi lija ambirife timalitcha CPU, atalikulunga m'chitenje kapena atalimangirira pa kabaza, ndipo amafotokoza kuti kompyuta yake imayaka bwinobwino, imalemba makalata ndi kutsegula intaneti popanda chovuta, koma ikangopatsidwa ntchito yolemera monga kukonza vidiyo ya ukwati kapena kusewera gemu, imathima ngati wina wazula pulagi. Ambiri amakhala atawerengera kale kunyumba. Pa power supply, kabokosi ka mkati kamene kamapereka magetsi ku zipangizo zonse za kompyuta, palembedwa 500W, zipangizo zawo zonse akaziphatikiza zikufika 450W, ndiye amafuna kudziwa chifukwa chimene makinawo akukanira pamene malire sanadutsidwe.

Power supply yopangidwa mwachilungamo ingathe kupereka mphamvu yonse imene yalembedwa pa iyo kwa maola ambiri osapsa, pakuti inapangidwira zimenezo. Koma lonjezo limenelo limagwira ntchito pa kutentha kumene wopanga anayesera, power supply ikadali yatsopano, ndiponso magetsi olowa ali okhazikika. M'chipinda cha malata ku Chinamwali masana a mu Novembala, zinthu zitatuzi sizipezeka pamodzi kawirikawiri. N'chifukwa chake ine sindivomereza kuti kompyuta yogwira ntchito tsiku lonse izikoka kupitirira 80 peresenti ya mphamvu ya power supply yake, ndipo ikamakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti mtima wanga umakhala m'malo.

## Yambani mwawerenga sitika

Pambali pa power supply pali sitika yokhala ndi mizere ya manambala, ndipo theka la mavuto ali m'munsimu limadziwika pongowerenga sitika imeneyi. Thimitsani kompyuta, zulani pulagi, tsegulani chitseko cha m'mbali cha bokosi la kompyuta, ndipo muone zinthu izi:

- Mzere wa +12V. Processor (ubongo wa kompyuta) ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini), zimene zimadya magetsi ambiri, zimakoka pamzere umenewu. Chulukitsani 12 ndi ma amp amene alembedwa pansi pake. Power supply yabwino ya 500W imakhala ndi pafupifupi 40A, zomwe ndi 480W. Zina zotsika mtengo zimalemba 500W ndi zilembo zikuluzikulu pamene pa +12V pali 18A yokha, kutanthauza 216W basi, ndipo manambala otsalawo anawaunjika pa +5V ndi +3.3V, mizere imene makompyuta a masiku ano sakokapo zambiri.
- Mawu akuti continuous kapena peak. Oyambawo akunena za mphamvu imene ingaperekedwe mosalekeza, achiwiriwo akunena za mphamvu ya kanthawi kochepa chabe. Ngati nambala yaikuluyo ndi ya peak, musaiwerengere.
- Kutentha kumene anayesera. Ma power supply abwino amalonjeza mphamvu yonse pa 40°C kapena 50°C, pamene ena amalonjeza pa 25°C kapena 30°C, kutentha kumene mkati mwa bokosi la kompyuta yogwira ntchito mumakudutsa mosavuta.

Chizindikiro cha 80 PLUS, chimene chinayamba mu 2004, chimasokoneza anthu ambiri. Chimangonena kuchuluka kwa magetsi amene amadutsa osasanduka kutentha, ndipo amayesa pa katundu wa 20, 50 ndi 100 peresenti. Sichinena za ubwino wa zipangizo za mkati kapena zaka zimene zidzakhale. Komabe chimatiphunzitsa chinthu chimodzi chofunika pa nkhani ino. Power supply yopereka 500W imene ikudutsitsa 85 peresenti imakoka pafupifupi 588W pa soketi, ndipo 88W yotsalayo imasanduka kutentha mkati mwa kabokosi kakang'ono kameneka. Ikamasenza theka la katundu, kutenthako kumatsikanso ndi theka kapena kuposerapo, chifukwa ma power supply ambiri amadutsitsa bwino magetsi akakhala pafupi ndi 50 peresenti.

## Chizindikiro choyamba: kompyuta imathima mwadzidzidzi ikapatsidwa ntchito yolemera

Ili ndilo vuto limene limabwera kwambiri, ndipo ndichedwapo. Kuthima kumene ndikunena ndi kuja kopanda chenjezo: sikirini imangoda, mafani amaima, palibe uthenga uliwonse. Ngati mukuona sikirini ya buluu ya Windows isanathime, yambani mwakayikira RAM (memori ya kompyuta) kapena ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) musanafike pa power supply. Mu Event Viewer, pulogalamu ya Windows yosunga mbiri ya zolakwika, mudzapeza cholakwika cholembedwa Kernel-Power 41, koma chimenecho chimangotanthauza kuti kompyuta inathima mosayembekezereka, sichiloza chimene chinaithimitsa.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mzere wa +12V ndi wochepa poyerekeza ndi zipangizo. Izi zimachitika kwambiri munthu akawonjezera graphics card m'kompyuta imene inali ya mu ofesi. GTX 1650 imafuna 75W, RTX 3060 imafuna 170W, RX 580 imafuna 185W, ndipo RTX 3080 imafika 320W. Phatikizani nambala ya khadi yanu ndi ya processor, muwonjezere 50W kapena 60W ya motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), RAM, ma hard disk ndi mafani, kenako muyerekeze ndi mphamvu ya +12V, osati nambala ya pa katoni.
2. Power supply yatentha ndipo yadziteteza. Mudzazindikira chifukwa kuthimako kumabwera patapita mphindi zingapo ntchito yolemera itayamba, kumachitika masana kuposa m'mawa, ndipo kompyuta imakana kuyakanso mpaka itazizira.
3. Processor ndiyo yatentha, osati power supply. Onani kutentha kwake pa pulogalamu ngati HWiNFO. Ngati kukufika pa 95°C kapena 100°C isanathime, yeretsani choziziritsa chake ndi kupaka thermal paste (phala lodutsitsa kutentha pakati pa processor ndi choziziritsa) yatsopano musanawononge ndalama pa power supply ina.
4. Kukoka kwadzidzidzi kwa graphics card. Makhadi amphamvu amatha kukoka magetsi ochuluka kwambiri kuposa nambala yawo kwa kanthawi kosakwana millisecond imodzi, ndipo power supply imene ili kale pamalire imaona ngati penapake pachitika shoti, n'kudzithimitsa. N'chifukwa chake muyezo wa kapangidwe ka ma power supply wotchedwa ATX 3.0, umene Intel inatulutsa mu 2022, umafuna kuti ma power supply akuluakulu okhala ndi pulagi yatsopano ya graphics card azipirira katundu wowirikiza kawiri kwa ma microsecond 100.
5. Power supply yakalamba. Ma capacitor a mkati, tizipangizo tosunga magetsi, amauma pang'onopang'ono, kotero imene inkanyamula katundu wonse zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapitazo lero ikhoza kulephera.

Mnyamata wina wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe anandibweretsera kompyuta kuchokera ku Matawale, atataya kale ntchito ya usiku wonse katatu. Nditaizula power supply yake, inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo kuseri kwa fani kunali fumbi lofiira lomatana ngati bulangete. Sitika inati 500W, koma pa +12V panali 18A. Khadi yake ya 185W anailumikiza kudzera pa kawaya kosinthira kuchokera pa pulagi za Molex (zija za mapini anayi za ma hard disk akale), popeza power supplyyo inalibe pulagi ya khadi, ndipo waya wachikasu wa kosinthirako unali utaderapo ngati chimanga chootcha. Ndinamuuza kuti kuthimathima kuja kunali mwayi wake, chifukwa ma power supply ena amtundu umenewu alibe chitetezo chokwanira ndipo amapsa pamodzi ndi motherboard.

Zimene mungachite panokha:

- Chotsani graphics card, mulumikize sikirini pa motherboard ngati processor yanu ikulola, ndipo mugwire ntchito yolemera. Kuthima kukasiya, vuto lili pa mphamvu ya power supply kapena pa khadiyo.
- Mukaona kuti ikathima imakana batani la kutsogolo mpaka mutathimitsa swichi ya kumbuyo ndi kudikira pang'ono, dziwani kuti chitetezo cha power supply ndicho chagwira ntchito. Ichi ndi chizindikiro champhamvu chakuti katundu wachuluka.
- Ngati muli ndi multimeter (mita yoyezera magetsi) ndipo munaigwiritsapo ntchito, ikani pa DC 20V, mukhudzitse nsonga yakuda pa waya wakuda ndi yofiira pa waya wachikasu wa pulagi ya Molex yosagwiritsidwa ntchito. Kompyuta ikamagwira ntchito yolemera, nambala izikhala pakati pa 11.4V ndi 12.6V. Pa waya wofiira izikhala pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Manambala a voltage amene mapulogalamu amaonetsa musawakhulupirire kwambiri, chifukwa amatengedwa pa motherboard ndipo nthawi zina amasokera.
- Bwerekani power supply yodalirika yamphamvu yokulirapo muyese nayo. Palibe kuyesa kwina kumene kumapereka yankho lomveka kuposa kumeneku.

Pali mapulogalamu monga OCCT, Prime95 ndi FurMark amene amakakamiza processor ndi graphics card kukoka mphamvu zawo zonse. Ndi othandiza pa power supply ya dzina lodziwika, koma musawayendetse pa yopepuka yosadziwika kumene inachokera, chifukwa mayesowo akhoza kukhala mapeto ake.

Ngati simungathe kugula ina mwezi uno, chepetsani katundu. Tsitsani malire a mphamvu ya graphics card m'pulogalamu yake, chotsani overclock iliyonse (kuthamangitsa zipangizo kuposa liwiro la kufakitale), ndipo ntchito zolemera muzigwira m'mawa kapena usiku.

## Chizindikiro chachiwiri: imathima kapena kuyambiranso magetsi akangophethira

Mwina mwaonapo kuti babu likangophethira kamodzi, kompyuta yanu imayambiranso pamene ya mnzanu m'chipinda chomwecho sinamve kanthu. Mkati mwa power supply muli capacitor yaikulu imene imasunga magetsi okwanira kuti makina apitirize kuyenda kwa kanthawi pafupifupi ma millisecond 16 magetsi akaduka. Nkhokwe imeneyi imatha msanga katundu akakhala wambiri, choncho power supply imene ikusenza mphamvu yake yonse ndiyo imayamba kugwa, pamene yosenza theka imapirira nthawi yotalikirapo.

1. Power supply ili pafupi ndi malire ake, kapena capacitor yake yakalamba. Yesani kuona ngati vutoli limachitikanso kompyuta ikungokhala osagwira ntchito yolemera. Ngati silichitika, katundu ndiye wachuluka.
2. Voltage yolowa ndi yotsika. Magetsi athu kuno ndi a 230V pa 50Hz, koma extension yaitali ya waya wowonda, kapena soketi imodzi yogawana ndi simbi, firiji, mbaula yamagetsi kapena makina a fotokope, zimatsitsa voltage yofika pa kompyuta. Voltage ikatsika, power supply imakoka ma amp ambiri kuti ipereke mphamvu yomweyo, ndipo imatenthanso kwambiri. Ipatseni kompyuta soketi yakeyake. Onaninso sitika: yolembedwa 100-240V imapirira kutsika kwa magetsi bwino kuposa yolembedwa 200-240V.
3. UPS, chipangizo cha batire chosunga kompyuta ili chiyakire magetsi akathima, ndi yaing'ono. Nambala ya VA si ya watts. UPS ya 650VA nthawi zambiri sifika 400W, ndipo batire lake likafooka imalephera ngakhale pamenepo. Kumbukirani kuti chimene UPS imanyamula ndi magetsi okokedwa pa soketi, aja okulirapo, kuphatikiza sikirini. Pulinta ya laser musailumikize pa UPS, chifukwa imakoka mphamvu yambiri potenthetsa.
4. UPS kapena inverter ikutulutsa magetsi osasalala. Ma power supply ena olembedwa active PFC amakana magetsi osasalalawa, otchedwa simulated sine wave, makamaka akasenza katundu wambiri. Ngati kompyuta imathima pa nthawi imene UPS yasinthira ku batire, ndipo batire ndi labwino, mufunika UPS ya magetsi osalala, yotchedwa pure sine wave.
5. Jenereta yaing'ono ikusinthasintha liwiro. Dikirani kuti ikhazikike musanayatse kompyuta, ndipo musalole kuti wina ayatse chipangizo cholemera pa jenereta yomweyo inu muli pakati pa ntchito.

Magetsi akathima, zulani pulagi ndipo mudikire mphindi zochepa akabwera musanalumikizenso. M'nyengo ya dzinja, mitambo ikadetsa pamwamba pa phiri ndipo ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi ya magetsi pamodzi ndi waya wa netiweki, chifukwa kuthimitsa swichi yokha sikuteteza ku mphezi.

## Chizindikiro chachitatu: fani ikulira kwambiri ndipo mpweya wotuluka ukutentha

Mpweya wofunda kumbuyo kwa power supply ndi wachibadwa. Wotentha moti simungasiye dzanja pa chitsulo chake kwa masekondi angapo ukusonyeza kuti zinthu zafika poipa, ndipo kutentha ndiko kumafupikitsa moyo wa power supply kuposa china chilichonse. Lamulo limene amisiri amagwiritsa ntchito ndi lakuti kutentha kukakwera ndi 10°C, moyo wa capacitor umachepa ndi theka.

1. Fumbi latseka njira ya mpweya. Amene muli m'mphepete mwa misewu ya fumbi, kaya ku Chikanda, Sadzi kapena Mpondabwino, muziyeretsa kawiri kapena katatu m'chilimwe. Zulani pulagi, tulutsani bokosi panja, ndipo muuzire ndi blower kuchokera kunja, mutagwira fani ndi kamtengo kouma kuti isazungulire mopitirira muyeso. Chivundikiro cha power supply musachitsegule.
2. Bokosi laikidwa pamalo olakwika. Ngati power supply ili pansi ndipo fani yake yayang'ana pansi, kuika bokosi pa kapeti kapena pa mkeka kumaitseka pakamwa. Kuliika m'kabati yotseka, kapena kuligundanitsa ndi khoma, kumabweza mpweya wotentha mkati. Likwezeni pa thabwa kapena pa tebulo.
3. Power supply ikupuma mpweya wotentha wa zipangizo zina. M'mabokosi akale imakhala pamwamba ndipo imakoka kutentha kwa processor ndi khadi. Ikani fani ina kumbuyo kwa bokosi yotulutsa mpweya.
4. Katundu wachuluka. Mukayeretsa ndi kukonza malo koma fani ikuthamangabe nthawi zonse, bwererani ku masamu a +12V.
5. Fani yeniyeniyo yatha. Imalira mokhula, imachedwa kuyamba, kapena yaima kotheratu. Apa samalani, chifukwa ma power supply ena atsopano amaimitsa dala fani katundu akakhala wochepa. Koma ngati fani siyenda ngakhale pa ntchito yolemera ndipo chitsulo chikutentha, thimitsani pomwepo. Kusintha fani kumafuna kutsegula chivundikiro, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri.

## Chizindikiro chachinayi: kulira kopyapyala ngati kwa udzudzu

Kulira kumeneku kumachokera ku ma coil amene amanjenjemera magetsi ambiri akamadutsa, ndipo nthawi zambiri kumangosowetsa mtendere popanda kuwononga chilichonse. Kawirikawiri kumachokera pa graphics card osati pa power supply, choncho tcherani khutu mbali zonse ziwiri musanaweruze. Kumene kuyenera kukudetsani nkhawa ndi kuthetheka, kulira kwa tsetsetse kapena kugogoda kobwerezabwereza, makamaka ngati kwayamba kumene. Mukamva zimenezi, onani kaye ngati waya wa magetsi walowa bwino kumbuyo ndi pa soketi, ndipo zikapitirira musaiyatsenso.

## Chizindikiro chachisanu: siyaka konse, kapena fani imazungulira pang'ono n'kuima

1. Soketi, waya wa magetsi kapena fyuzi ya mu pulagi. Yesani waya wa sikirini, popeza nthawi zambiri ndi wofanana. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya mlingo womwewo, osati kulumikiza ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya monga ena amachitira. Yatsopano ikapsanso, vuto lili mkati mwa power supply.
2. Chitetezo chadzitseka. Thimitsani swichi ya kumbuyo, zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15, dikirani mphindi zingapo, kenako muyesenso.
3. Pulagi za mkati zamasuka, makamaka bokosi likayenda pa kabaza kapena m'minibasi. Kanikizani pulagi yaikulu ya mapini 24, ya processor ya mapini 4 kapena 8, ndi ya graphics card mpaka kachitseko kake katagwira.
4. Chipangizo china chachita shoti ndipo power supply ikukana kuyaka podziteteza. Chotsani ma hard disk, khadi ndi zonse za USB, muyese ndi motherboard yokha, kenako muzibwezera chimodzichimodzi.
5. Power supply yafa. Mphemvu ndi nalimata zimakonda kufunda kwa mkati mwake ndipo zimachititsa shoti, komanso chinyezi cha m'nyengo ya chiperoni chikakumana ndi fumbi chimachita zomwezo pa kompyuta imene yakhala nthawi yaitali osayatsidwa.

Pali kuyesa kodziwika kolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi ya mapini 24 pogwiritsa ntchito kachitsulo kopanira mapepala, power supply itachotsedwa pa zipangizo zonse. Fani ikazungulira, ndiye kuti imayaka, koma zimenezo sizitsimikizira kuti ingathe kusenza katundu, ndipo ndaona zambiri zikupambana mayeso amenewa n'kugwa zikangolumikizidwa pa khadi. Musayese zimenezi pa makompyuta a mu ofesi a Dell, HP kapena Lenovo, chifukwa ambiri a iwo ali ndi pulagi zawozawo zimene sizitsatira mitundu ya mawaya ya ATX.

Pa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, yang'anani kumbuyo musanalumikize kwa nthawi yoyamba. Ma power supply akale ena ali ndi kaswichi kofiira kosankhira 115V kapena 230V, ndipo ochokera ku America kapena ku Japan akhoza kufika kali pa 115V. Ndinaitanidwapo ku ofesi ina m'tauni muno kumene anagula makompyuta angapo otero. Yoyamba atailumikiza, panamveka kuphulika ngati kwa mfuti, utsi woyera unatuluka kumbuyo, ndipo mlembi amene anadina swichi anathawira pakhonde. Otsalawo tinawapulumutsa pongosuntha kaswichiko ndi nsonga ya sikuludilaiva.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: fungo la kupsa kapena pulagi yosungunuka

Pano palibe zoyesayesa. Zulani pulagi pakhoma nthawi yomweyo, ndipo kompyuta ikazizira muyang'ane pulagi zonse za mkati ndi tochi. Chofala kwambiri ndi kawaya kosinthira kamene kasenzetsedwa katundu woposa mphamvu yake. Pulagi ya graphics card ya mapini 6 inapangidwira 75W, ya mapini 8 inapangidwira 150W, ndipo malo olowetsamo khadi pa motherboard amapereka 75W. Kutenga mphamvu yotere kuchokera pa pulagi ya SATA (ya hard disk) kapena Molex ndi kuitana moto. Power supply imene ilibe pulagi ya khadi yanu ikukuuzani kuti sinapangidwire khadi imeneyo. Chachiwiri ndi pulagi yosalowa bwino, imene imatentha pamene zitsulo zakhudzana pang'ono chabe, ndipo vutoli ndi lodziwika pa pulagi ya 12VHPWR ya makhadi amphamvu imene imanyamula mpaka 600W. Chachitatu ndi kupsa kwa mkati mwa power supply yeniyeniyo, kumene mungakuzindikire ponunkhiza pa fani yake. Yotero musaiyatsenso ngakhale kamodzi kuti muone ngati ikugwirabe ntchito.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: bokosi likumenya shoko mukaligwira

Izi sizichokera ku kuchuluka kwa katundu, koma ndaziika pano chifukwa anthu amaimba mlandu power supply. Mwachibadwa imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri kupita ku chitsulo cha bokosi, ndipo waya wa earth ndiwo umatitenga. Ngati pulagi yanu ndi ya mapini awiri imene mumaikakamiza m'soketi ya mapini atatu potsegula ndi cholembera, kapena extension yanu ilibe earth, kapena nyumba yonse ilibe, timagetsito timadutsa mwa inu. Sinthani waya ndi extension kaye. Zikapitirira, itanani mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka adzayese earth ya nyumbayo, ndipo kompyutayo isagwiritsidwe ntchito kufikira atabwera.

## Nthawi yoti musiye ndi kuitana katswiri

Capacitor yaikulu ya mkati mwa power supply imakhala ndi magetsi opitirira 300V, ndipo ikhoza kuwasunga kwa kanthawi ngakhale pulagi itazulidwa. Musatsegule chivundikiro chake pa chifukwa chilichonse. Siyani zonse ndipo mupite kwa wodziwa ngati:

- mwaona utsi, kuthetheka kapena mwamva kuphulika;
- fyuzi yapsa kawiri, kapena breaker ya nyumba ikugwa mukayatsa kompyuta;
- voltage ya +12V yatsika pansi pa 11.4V kapena yakwera kupitirira 12.6V;
- madzi alowa m'bokosi, kaya ndi a denga lodontha kapena otayika patebulo;
- hard disk kapena chipangizo china chafa pamene kompyuta inathima, chifukwa power supply ikhoza kukhala kuti ikupha zipangizo;
- simunagwirepo multimeter ndipo mukukayikira pokhudzitsa nsonga zake.

Ngati m'kompyutamo muli ntchito imene simungafune kuitaya, monga kafukufuku wa wophunzira wa ku yunivesite kapena maakaunti a bizinesi, koperani zonse pa hard disk yakunja musanayambe kuyesa kulikonse kolemera.

## Posankha ina

Tengani chitsanzo cha processor ya 65W, khadi ya 185W ndi zina zonse 60W. Pamodzi ndi 310W, ndipo poganizira kuti processor imatha kukoka kuposa nambala yake kwa kanthawi, power supply yabwino ya 500W kapena 550W ndiyo yoyenera, chifukwa katundu adzakhala pafupifupi 60 peresenti. Ena amaopa kuti yaikulu idzakankhira magetsi ambiri m'zipangizo kapena kumaliza mayunitsi msanga, koma power supply imapereka zokhazo zimene zipangizo zapempha. Komanso musapite patali kugula ya 1000W pa kompyuta ya 300W, popeza ndalama imeneyo ndi bwino kuiika pa power supply yaing'onopo ya mtundu wabwino ndi UPS yokwanira.

Muli m'sitolo, inyamuleni m'manja mumve kulemera kwake, werengani mzere wa +12V, onani ngati pa katoni patchulidwa zitetezo za OCP, OVP, OPP, SCP ndi OTP (zoteteza ku ma amp, voltage ndi katundu wochuluka, ku shoti ndi ku kutentha), ndipo mufunse za waranti musanalipire. Yogwiritsidwapo kale ntchito muiyese ndi katundu wogulitsa akuona. Ngati kompyuta yanu ndi ya mu ofesi yokhala ndi pulagi zakezake, ya ATX wamba siingalowe popanda chosinthira choyenera, ndipo nthawi zambiri chanzeru ndi kusankha khadi yosapitirira 75W imene sifuna pulagi yapadera, mutatsimikiza kaye kuti power supply yakeyo ikukwana.

Amene mukusintha power supply yokhala ndi mawaya ochotseka, chotsani mawaya onse akale ndipo mugwiritse ntchito okhawo amene abwera ndi yatsopanoyo. Mbali yolowa mu power supply sinafanane pa makampani onse, ndipo nthawi zina imasiyana ngakhale pa mitundu iwiri ya kampani imodzi, kotero waya wakale ukhoza kulowa bwinobwino koma n'kutumiza 12V pamene pamayenera kupita 5V, hard disk n'kupsa pa sekondi yoyamba.